Kompyuta Yasiya Kulankhula

"Mwaichita chiyani kompyuta yanga?" anafunsa Aphunzitsi, atavala zomvera m'makutu n'kuzivulanso.

Mlamu wawo, amene pakhomopo ankangomutcha Injiniya ngakhale analibe pepala lililonse, anaseka. "Ndaichapa, alamu. Ndatsitsa kapulogalamu pa intaneti, kamasesa zinyalala zonse zimene opanga amadzazamo. Taonani liwiro lake! Kale inkayaka ngati nkhuni zaziwisi."

Kunena zoona, inkathamanga. Zotsatsa malonda zija zinali zitatheratu. Koma Aphunzitsi anali thukuta kamukamu.

"Kapulogalamuko analemba ndani? Munawerenga zimene kakuchotsa?"

"Aaa, mizere yonse ija? Anthu onse akukagwiritsa ntchito."

"Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Bwezerani zonse mmene zinalili."

"Sikabweza, alamu. Kamazula ndi mizu yomwe."

Akazi a Aphunzitsi anaima pakhomo la khitchini, mbale ili m'manja, diso lili pa mwamuna. Miyezi yonseyi bamboyu ankadzitsekera kuchipinda ndi kompyutayo, zomvera zili m'makutu, ati akukonza mayeso a ana. Koma abale, munthu wokonza mayeso angachite kunjenjemera chonchi?

"Ndani ameneyo wafufutidwa?" anafunsa mayiwo. "Utsi sufuka popanda moto. Amakunong'onezani m'makutu muja ndani?"

"Palibe, mayi."

"Ngati palibe, tsegulani. Werengani zimene zili apazi, mokweza, mchimwene wanga amve nawo."

Aphunzitsi anayandikitsa nkhope pagalasi la kompyutayo mpaka mphuno kutsala pang'ono kuligunda. Anabwerera m'mbuyo, n'kutsinzina diso limodzi.

"Sindikuona," anatero motsitsa mawu. "Maso anayamba kuvuta chaka chatha. Mu kompyutamu munali mawu owerengera anthu osaona bwino, ndi amene ankandiwerengera chilichonse. Ndinkaopa kuti kusukulu akamva andichotsa ntchito. Ndipo mayesowa akufunika mawa."

Injiniya anakanda m'mutu. "Ine ndimayesa n'zosafunika."

"Kwa iwe," anatero mlongo wake. Anaika mbale pansi, n'kupukuta manja pachitenje. "Pita ukafunse odziwa zenizeni, mawuwo abwerere. Inunso bambo, mayeso akatha tikupita kuchipatala cha maso. Mwandibisira matenda, n'kundisiya ndikuchitira nsanje makina!"

Kenako anakoka mpando, n'kukhala pafupi ndi mwamuna wawo.

"Mawuwo anali a mkazi kapena a mwamuna?"

"A mkazi."

"Ndinadziwa ine," anatero mayiwo, misozi ili lengelenge. Anakokera kompyutayo kwa iwo. "Tcherani khutu. Funso loyamba..."