Chiwanda cha mu Pikapu ya a Pitala

A Wadson Pitala atagula pikapu yoyera kwa mmwenye wina wa ku Limbe, anazindikira msanga kuti ali ndi abale ambiri kuposa amene malemu mayi awo anawauza. Pomwe ankakwera kabaza kukagula nandolo kwa Nsanama, m'bale wawo anali mmodzi basi, mlongo wawo wa pa Ulongwe, yemwenso ankaimba foni pokhapokha kukagwa maliro. Koma galimoto itangolowa m'mpanda mwawo pa Balaka, asuweni anamera ngati bowa. Wina akufuna kupita kuchigayo, wina kuchinkhoswe, wina akungofuna kukwera kuti anthu amuone.

Iwo galimotoyo anaigulira geni, kunyamula matumba a mavenda kuchokera kwa Nsanama. Tsiku lina mlamu wawo anakwezamo malata popanda kuyala ngakhale chiguduli, malatawo n'kukala penti kuyambira pachitseko mpaka kumbuyo. Pobwerera, mbuzi ya eni ake inadumphira mumsewu n'kuphwanya getsi lakumanzere. Mbuziyo inadzuka, n'kudzikutumula, n'kumapita.

"Mayi a Kumbu," anatero a Pitala kwa akazi awo, a Maness, "galimoto iyi ili maliseche. Ndikukaiveka."

"Bambo a Kumbu, inuyo malaya anu akutha m'khosi. Muyambe mwavala eni ake."

Sanawamvere. Anapita kwa Che Sufiyani, wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, munthu amene sanakanepo ntchito chibadwire. Mukamuuza kuti akupangireni ndege, amangofunsa kuti mukufuna ya mipando ingati.

"Ndikufuna chibampala kutsogoloku," anatero a Pitala. "Choti mbuzi ikachiona izibwerera yokha."

"Achimwene, mbuzi ndi chiyani? Ine ndikupangirani choti ng'ombe izipepesa."

Che Sufiyani anapinda mapaipi onenepa ngati ntchafu, n'kuwawotcherera kutsogolo, mbali ziwiri atazipotoza m'mwamba ngati nyanga. Anaikanso zitsulo zina kuseri kwa kabini, pamwamba pake n'kundandalika magetsi ozungulira, onga maso a kadzidzi. Kumbuyo anayalamo chimphira chakuda kuti matumba asamapale penti. A Pitala atayang'ana, mtima unawauza kuti sizinakwane. Anagula marimu onyezimira a matayala. Anamatitsa magalasi mapepala akuda bii, kuti m'bale akamakupiza dzanja m'mbali mwa msewu asadziwe kuti amuona. Pa timphira tolendewera kuseri kwa matayala analembetsa ndi penti yofiira kuti NSANJE SIGULA DIZILO.

Chomaliza chinali alamu. Anawaikira ndi Wyson, wa zamagetsi, yemwe anailumikiza ku hutala ndi ku magetsi onse a pamwamba aja.

"Ilire ikatani, bwana? Munthu akatsegula chitseko?"

"Iyayi. Akangoikhudza. Ngakhale akaiganizira."

Akabaza a pasiteji anaitcha galimotoyo Njati, ndipo dzinalo a Pitala linawakomera zedi. Ankadutsa pamsika pang'onopang'ono, magalasi atatseka, thukuta lili kamukamu m'katimo chifukwa kutentha kwa ku Balaka sikuseka ndi munthu. Koma kutsegula galasi kukanaononga zonse.

Ndiye kunabwera Lamulungu lodalitsa zoyendera kuparishi. A Maness, omwe anali a kwaya komanso a gulu la amayi la Legio, anati Njati ipite ikadalitsidwe. A Pitala anavomera msangamsanga, osati chifukwa cha madalitso, koma chifukwa parishi yonse ikakhala pabwalo. Anaitsuka, matayala n'kuwapaka polishi wa nsapato, n'kukaiimika pakati penipeni pa njinga za akabaza, njinga zamoto, ngolo ya ng'ombe ndi kagalimoto kotopa ka aphunzitsi ena. Atatsika anadina karimoti kuti alamu ikhale tcheru, poopa ana a Sande sukulu ndi zala zawo za mandasi.

Misa itatha, bambo mfumu, Bambo Raymond, anatuluka ndi ndowa ya madzi odalitsidwa ndi kamtsache kowazira. Anali wansembe wokalamba, wosathamanga, ndipo madzi sankaumira. Anawaza njinga, anawaza ngolo, ng'ombe n'kupukusa makutu. Atafika pa Njati anaima, n'kuiyang'ana kuyambira kunyanga mpaka kutimphira, milomo ikuwerenga mawu ofiira aja.

"Iyi ikufunika ambiri," anatero.

Anaviika kamtsache, n'kuwaza mwamphamvu mpaka chogwirira chake chinagunda boneti kuti kho!

Njati inakuwa. Inayamba ngati ambulansi, kenaka ngati mwana wotsinidwa, kenaka ngati nkhumba ikuphedwa, hutala ikuvomereza. Magetsi onse a pamwamba anayamba kuphethira. Ng'ombe za pangolo zinautsa liwiro kulowera kumanda, mwini wake akuzithamangira. Akatekisiti anaponya buku la nyimbo. Amayi a Legio anagwada pafumbi pomwepo, makorona ali m'manja.

"Chiwanda!" anakuwa mayi wina. "Chapsa ndi madzi oyera!"

"Si chiwanda, ndi alamu!" anatero a Pitala, koma ndani akanawamva? Anapisa m'thumba la jekete, karimoti n'kutuluka limodzi ndi mpango, n'kugwera pansi pa galimoto. Anagwada kuti akatole, ndipo anthu ataona mwini wake wagwada, anati nayenso wavomereza.

Bambo Raymond sanasunthe. Anayang'ana kamtsache, anayang'ana ndowa, kenaka anataya kamtsache kaja n'kukhuthulira ndowa yonse kutsogolo kwa galimoto. Madzi analowa m'mipata ya boneti mpaka pa kabokosi ka alamu. Kulira kuja kunasasa mawu, kunachita ngati munthu akutsukuluza pakhosi, n'kuzimiririka. Kautsi kochepa kanatuluka chakumbali.

"Chatuluka!"

Nthungululu zinamveka mpaka kusiteshoni ya sitima. Kwaya inayambitsa nyimbo, a Maness ali momwemo, akuimba mokweza kuposa onse koma osayang'ana komwe kunali amuna awo.

Pofika Lolemba nkhani inali itakwera kale minibasi. Pa Ulongwe ankati chiwandacho chinali ndi mchira. Kwa Nsanama ankati chinayankhula Chizulu, n'kutchula dzina la a Pitala kawiri. Abale onse aja anasowa ngati mame. Mlamu wa malata uja, atakumana nawo pamsika, anawapatsa moni ali patali, manja ali kumbuyo. Masiku oyamba a Pitala anasangalala.

Koma atapita kwa Nsanama kukafuna katundu, mavenda anawafulatira. Mayi wina amene ankamunyamulira mpunga nthawi zonse anakhalira matumba ake ngati nkhuku yofungatira.

"Mayi Elube, tikweze?"

"Iyayi, bambo, ndadikira lole."

"Lole yake iti? Lero kulibe lole."

"Ndidikirabe. Anthu akuti thumba likakwera m'menemo lodzaza, limakatsika lopwepwa. Akuti mumakawa."

"Ine? Ndi alamu, mayi! Ya m'sitolo! Bokosi lake ndili nalo kunyumba!"

"Nanga bwanji inalira ndi madzi oyera okha? Siinkavumbwa ndi mvula?"

A Pitala anabwerera opanda kanthu, magalasi onse atatsitsa, akukupiza dzanja kwa aliyense woyenda pansi. Anthu ankapatukira m'minda.

Anapita kwa Bambo Raymond, n'kuwapeza atakhala pakhonde akusenda chinangwa chootcha.

"Bambo, Lamulungu likubwerali muwauze akhristu kuti inali alamu."

"Ndikudziwa kuti inali alamu, a Pitala. Ku Limbe ndinapitako."

"Ndiye muwauze."

"Mwana wanga, moyo wanga wonse ndakhala ndikuwaza madzi. Ndawaza nyumba, minda, mabokosi a maliro, makina osokera. Palibe chinandiyankhapo. Yanuyi ndi yoyamba. Lamulungu lathali tchalitchi linadzaza mpaka m'mawindo, kunabwera ndi anthu amene ndinawaona komaliza tsiku la ubatizo wawo. Ndikawauza, sindikana, koma mundilole ndidutse kaye Pasaka. Idyani chinangwa."

Njati inakhala m'mpanda, nkhuku zikugona pamthunzi pake. A Pitala anayamba kuganiza zokachotsa nyanga zija kwa Che Sufiyani kuti mwina anthu n'kuiiwala. M'mawa wina kunamveka odi pageti. Anali Che Bakari, wogulitsa mbuzi, atavala mkanjo ndi kofiya, akuseka ndi mano onse.

"Achimwene, ndamva kuti galimoto yanu ikupuma. Ndili ndi mbuzi zopita ku Liwonde."

"Simunamve za chiwanda?"

"Ndamva. Koma chimenecho n'cha Chikatolika, ine sichindidziwa. Komanso ansembe anu anachitulutsa kale, eti? Nanga malole enawa anawatulutsa ndani?"

A Pitala anayang'ana chimphira chawo chatsopano, chomwe chinali chisanapondedwe ndi chamoyo chilichonse.

"Kwezani."

Mbuzi zinachita pachimphirapo zonse zimene mbuzi zimachita. Tonde wina anaika miyendo pa zitsulo za kuseri kwa kabini, n'kumayang'ana dziko ali pakati pa magetsi ngati akufuna mavoti. Atafika pamsika wa Liwonde, Che Bakari anati akamwe kaye tiyi. A Pitala anakana, poti pamalopo pankadziwika kuti ukangotembenuka, jeke yapita.

"Tiyeni, achimwene. Tikhale poti tiziiona."

Ali mu tiyirumu anaona amuna awiri odziwika ndi zala zazitali akuzungulira magalimoto. Anafika pa Njati. Mmodzi anatambasula dzanja kulunjika pa chingwe cha mbuzi, mnzake n'kumumenya padzanjapo, n'kumuloza nyanga zija, n'kumunong'oneza. Onse awiri anabwerera chafutambuyo, mmodzi akuchita chizindikiro cha mtanda, ngakhale anachiyambira kolakwika. Anakathera pa lole yoyandikana nayo, yomwe mwini wake atabwera anapeza tayala la sipeya palibe.

Che Bakari anaika kapu pansi.

"Walahi, achimwene, galimoto iyi musaichiritse. Kwa ansembe aja musapitekonso."

Sabata isanathe, anzake a Che Bakari onse anali atamva kuti katundu wa mu Njati sabedwa. Anabwera a mbuzi, a nkhuku, a nsomba zouma za ku Chilwa. Mavenda a kwa Nsanama anapirira mpaka ataona kuti mbuzi zikutsika zonenepa monga zinakwerera, kenaka nawonso anayamba kuimba foni, Mayi Elube akupempha kuti matumba awo azikhala kutali ndi kabini. A Pitala anabwerera kwa Wyson kukagula alamu ina, n'kumuuza kuti ino aiike pamalo poti madzi asafike. Pasaka itadutsa, Bambo Raymond anailongosoladi nkhaniyo paguwa, koma akhristu anangogwedeza mitu, n'kumati abambo ndi odzichepetsa.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanakwerenso Njati. Lamulungu lililonse a Maness ankatchena chitenje cha kwaya, n'kuitana kabaza pageti.

"Mayi a Kumbu, inunso mukukhulupirira za chiwanda?"

"Chiwanda n'kanapirira, bambo a Kumbu. Koma fungo la tonde, iyayi. Ndikaimbe Aleluya anthu akutseka mphuno?"

Ndiye ankatsogola pa kabaza, atakhala chammbali, handibagi ili pamiyendo. A Pitala ankatsatira pambuyo ndi Njati pa giya wani, nyanga zikunyezimira, mpaka kukafika kutchalitchi.