Theka Lotsala M'tchire

Elias ankawotcha makala ake mwamtendere ku Lirangwe mpaka tsiku limene mlamu wake Thomson anabwera kudzacheza. Inali nthawi ya Chitaganya. Thomsonyo ankatsuka mabotolo a sayansi pasukulu ina ku Blantyre, ndipo nzeru zomvera pawindo ankazinyamula ngati zake.

"Alamu, kuli lamulo," anatero. "Mtengo muuwotche kamodzi mpaka phulusa, kapena muyambe mwaupanga makala kenako muwotche makalawo, kutentha konse mukaphatikiza n'komweko. Njira ilibe kanthu."

Elias anatong'ola maso. "Ndiye ine ndimagulitsa theka lokha? Nanga linalo?"

"Limatsala pa uvuni wanu, m'tchire."

Zaka khumi munthu akutaya katundu osadziwa! Mtima unamuwawa kwambiri. Anatenga bulangeti, limodzi lokhalo la m'nyumbamo, n'kulisoka ngati thumba. Unali mwezi wa Juni.

"Bambo, pano m'pakwathu, inu munachita kubwera," anatero mkazi wake Lenia. "Bulangetilo likagona kunja, inunso mulitsatira."

Koma wamva za mlamu samva za mkazi. Elias anayasamitsa thumbalo pamwamba pa uvuni kuti kutentha kulowemo, n'kulimanga pakamwa, n'kupalasa njinga mpaka ku bwalo la ndege ku Chileka. Ankati azungu otsika m'mwamba amafika atazizidwa, agula ndithu. Atamasula pamaso pa mlonda wa pageti, munatuluka fungo la utsi basi.

"Lamulo silinama," anatero Thomson atamva. "Kwatayika m'njira."

Elias anayamba kusaka. Masabata awiri anagona m'misewu, akugwiragwira miyala ndi kusuzumira m'maenje. Pa Lunzu anagwira mkulu wina wosenza nsungwi n'kumufunsa kumene anatenga thukuta lonselo. Mkuluyo anamutcha mbama, tsaya linatenthadi, koma sikunali kutentha kwake kuja.

Atabwerera anapeza katundu wake pansi pa mtengo wa mango. Anansi anamufotokozera mwadongosolo: mphasa inatuluka Lolemba, khasu Lachitatu, nsapato imodzi Lachisanu, inzake dzulo. Chitseko chinali chotseka.

"Amayi," anaitana Elias, "bwanji osangonditulutsa tsiku limodzi? Mwandichititsa manyazi sabata yonse."

"Achimwene akuti kamodzi kapena pang'onopang'ono, mukaphatikiza n'chimodzimodzi," anayankha Lenia ali m'kati.

Elias anakhala pamphasa paja, misozi ili chuchuchu. Anafuna kufunda bulangeti lija, koma anali atalisoka mbali zitatu. Anangolowamo.