Timbewu ta M'mabotolo ta Bambo a Chisomo

Amuna anga, bambo a Chisomo, akufuna kuzula mbatatesi zathu zonse zakale, zofiira ndi zoyera zomwe, kuti abzale mtundu umodzi wokha umene akatswiri amalera m'mabotolo. Chiyambire nkhaniyi, maloto ena akundisowetsa mtendere.

Ndinalota munda wathu utadzaza mabotolo. M'botolo lililonse munali kambewu kotuwa kokhala ndi nkhope ya bambo a Chisomo, ndevu zomwezo, kamimba komweko. Timbewuto tinkafuula pamodzi kuti, "Ife ndife amakono!" Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kenaka kamodzi kanatsokomola. Basi tonseto kutsokomola, masamba kuda bii, fungo la zowola kundifika pakhosi. Miyendo yanga inamira m'matope ozizira. Kena kanandikoka chitenje nkuti, "Mayi, tigawireniko zofiira zija." Ndinakayankha kuti, "Kodi amakono amapemphanso?"

Kutacha ndinawafotokozera amuna anga malotowo. Iwo anati, "Mayi a Chisomo, akatswiriwo amasunga mitundu yambirimbiri."

"Nanga inu mukutayiranji yanu?"

Anangopitiriza kunola khasu. Kaya malotowa akunena za matenda a chiwawu amene amawononga mbatatesi, kaya za munthu amene ndinakwatiwa nayeyu, sindikudziwa.