Ndi Iwowa

Manijala uja ankamutcha Tonsefe anawalakwira a Tiona m'nyengo ya mvula chaka chathachi, pamaso pa antchito onse a m'fakitale ya mipando, ndipo anachita zimenezi ndi liwu limodzi lokha.

A Tiona anali kalipentala wachikulire kuposa onse pamenepo, imvi zili mbuu, zala zitakhota ndi puleni. Dzinalo anawapatsa chifukwa cha kayankhidwe kawo. Akamva kuti kukubwera makina atsopano, ankangoti, "Tiona." Mamanijala anali atawaona ambiri, olalata, akuba, ndi wina amene ankangogona muofesi. Ndiye watsopanoyu atafika, malaya atapinda manja, n'kusonkhanitsa anthu pakati pa utuchi, iwo anakhala pa benchi yawo n'kumanola tchizulo.

"Kuyambira lero," anatero manijalayo, "muno mulibe ine, mulibe iwe. Muli ife. Tonsefe ndife eni ntchito."

"Ndiye tonsefe tizikwera galimoto yanu ija, bwana?" anafunsa Mlamu, mchimwene wa akazi a a Tiona, amene ankagwira makina ochekera matabwa.

"Ubwanawo muusiye pageti," anayankha manijala akuseka. Anthu anaseka naye, ndipo dzina loti Tonsefe linamukakamira tsiku lomwelo.

Koma munthuyo sankangolankhula. Anachotsa loko pa kabati ya zida kuti aliyense azitenga yekha chimene akufuna. Anagula zophimba kumphuno chifukwa cha fumbi. M'mawa uliwonse antchito ankaima mozungulira, iye n'kumafunsa maganizo a aliyense, ngakhale Wavanishi, mayi wamanyazi amene ankapaka mipando kuseri kwa shedi. Enawo ankacheza nawo ngati anzake, koma a Tiona okha ankawapatsa ulemu wa akulu. "Timve kaye iwowa," ankatero, "anayamba ntchitoyi ife tisanabadwe."

Poyamba a Tiona ankangoguguda kukhosi. Kenako anayamba kuyankha. Atanena kuti guluu amene ankagula anali wamadzi, sabata yotsatira kunabwera wina. M'moyo wawo wonse anali asanaonepo mawu awo akusanduka chinthu chogwirika. Anayamba kulawirira ku ntchito, ovolosi itachapidwa.

"Kodi kufakitaleko mwapezako mkazi wina?" anafunsa akazi awo tsiku lina m'mawa.

"Iyayi. Kuli mwana wina amene amamva munthu akamalankhula."

"Inu bambo, mwakhulupirira munthu? Ndiye ndianule zovala, kugwa matalala lero."

Kenako kunabwera oda ya matebulo a hotela ina yatsopano. Ntchito ili pakati, matabwa ouma anatha. Mvula inali ikugwa tsiku ndi tsiku, ndipo amene anali panja anali aawisi, olemera ngati miyala. Tonsefe anaitana anthu onse.

"Ine sindilamula," anatero. "Tidikire ouma, tichedwe, kasitomala apite kwina? Kapena tidule omwewa? Ntchito ndi yanu, gamulani nokha."

Panalibe munthu m'shedimo amene sankadziwa khalidwe la thabwa laliwisi. Koma anthu anali atalawa kukoma kofunsidwa, ndipo palibe ankafuna kuoneka wamantha.

"Tidule basi," anatero Mlamu. "Tebulo si ndege, siligwa kumwamba."

"Ine ndipaka kawiri," anatero Wavanishi.

Manja anakwera m'mwamba. A Tiona anayang'ana manja onsewo, mtima ukuwauza zina, koma nawonso anakweza lawo. "Tikawaimika pafupi ndi makina, pamene pamatenthapa, mwina apirira," anatero. Tonsefe anawomba m'manja, ndipo matabwa anadulidwa.

Matebulowo anapita akunyezimira. Dzuwa litangobwerera, lole inawabweza, ena atang'aluka pakati, ena atapotoka moti miyendo inkavina pansi. Mwini fakitale, bambo wamkulu thupi amene sankabwerabwera, anafika masana ndi nkhope yakuda. Anaimika anthu onse kutsogolo kwa matebulowo. A Tiona anaima patsogolo monga mwa masiku onse, pakuti ndi pamene Tonsefe anawazoloweza kuima.

"Anagamula ndani kuti mudule matabwa aawisi?" anafunsa mwini fakitale.

Tonsefe anatambasula dzanja cha kumene kunali antchito, maso ali pansi.

"Ndi iwowa, bwana. Anagamula okha."

Iwowa akhoza kukhala khamu la anthu, akhozanso kukhala munthu mmodzi wachikulire amene ukumupatsa ulemu. Mwini fakitale anatsatira dzanjalo ndi maso, n'kupeza mutu wa imvi.

"Inu madala? Zaka zonsezi simudziwa thabwa laliwisi?"

A Tiona anacheuka kuti aone anzawo. Ankadikira kuti wina anene kuti manja anakwera ambiri. Mlamu anali akuyang'ana nsapato zake. Wavanishi ankakanda vanishi pachikhadabo. Ena ankayang'ana kudenga ngati malata akudontha. Tonsefe anamva bwinobwino mmene liwu lake lamvekera, koma sanatsegule pakamwa.

"Dzanja ndinakwezadi," anatero a Tiona, "koma sindinali..."

"Basi, mwavomera," anawadula mwini fakitale. "Sindikuchotsani chifukwa cha ukalamba wanu. Koma puleni simudzaigwiranso muno. Muzikasanja matabwa panja."

Mawa lake a Tiona anamupeza Tonsefe muofesi akuthira shuga mu tiyi.

"Mwana iwe," anatero, osakhala pansi, "unandigulitsa."

"Madala, ine sindinatchule munthu. Ndinati iwowa. Ndinkanena gulu lonse."

"Ndiye pita ukamuuze bwana wakoyo kuti iwowa ndi angati."

"Ndipita. Koma panopa akadali okwiya, akhoza kuchotsa anthu onse. Taganizirani anzanu. Mwatisenzera katundu tonsefe, ndipo ine sindidzaiwala."

"Ndinakupempha katundu ine?"

Tonsefe anangotakasa tiyi wake.

Mlamu anabwera kunyumba Lamlungu masana, atavula chipewa. Anakhala pampando wapakhomo, osalowa mkati.

"Alamu," anatero Mlamu, "musandione choncho. Ndili ndi ana. Ndikanalankhula, lero tonse tikanakhala panja."

"Panja pali malo ambiri," anayankha a Tiona. "Bwera, tizikanyowa limodzi."

Akazi awo anaima pakati, mbale ili m'manja, osadziwa woti amudzudzule pakati pa mwamuna wawo ndi mchimwene wawo. Anabwerera kukhitchini, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la Mlamu silitchulidwa m'nyumbamo.

Mvula inabweranso chaka chino. M'mawa antchito amaimabe mozungulira m'shedi muja, ndipo kuwomba m'manja kwawo kumamveka mpaka panja, pamene a Tiona amasanja matabwa atafunda pepala lapulasitiki. Msana unayamba kuwavuta, ndipo zala zimawawawa kukazizira. Benchi yawo anaipereka kwa Mlamu. Tonsefe akamadutsa amawapatsa moni waulemu, atapinda mawondo pang'ono. Kwa mwini fakitale sanapitebe.