Malaya Ofiira a Bulusi

Mwamuna wanga Hilario anali telala wa manja abwino koma wa pakamwa pofewa. Mawu oti "ayi" sankawadziwa. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine Otilia ndinakwatiwa ndi mbewa imeneyo. Anafika kwathu kwa Mlolo atawoloka mtsinje wa Ruo, nkhondo ya ku Mozambiki itatentha mudzi wa kwawo, mutu wa makina osokera uli paphewa. Abale ake otsala kutsidya sanamvekenso. Choncho m'nyumba mwathu tinali ndi lamulo limodzi lokha: tisaonekere. Munthu wobadwira kutsidya akalakwira achipani, mlandu wake sunkatalika. Ankangomuperekeza kumtsinje kuti abwerere kumene anachokera, ndipo kumene Hilario anachokera amuna a msinkhu wake ankawapatsa mfuti kapena manda.

Tinakhala bwino ndithu osaonekera, iye akusoka pakhonde, ine ndikulima mpunga kudimba ndi kulera mwana wathu Luisa, mpaka tsiku limene Maclean anatibweretsera galu.

Maclean anali kalaliki pamsika wa thonje. Kale anagwirapo ntchito yotsegula geti kuesiteti ya nzimbe ku Chikwawa, ndipo kuchokera pamenepo ankayenda ngati nzimbe zonsezo anadzala ndi iye. Dzuwa la kuno limene limasenda mphuno, iye ankavala jekete ndi masokosi ofika m'mawondo, thukuta likuchita kamtsinje kumsana. Chilichonse chimene anaona mzungu akuchita, kwa iye chinali Baibulo. Akadaona bwana wake akutafuna sopo, ndikhulupirira akadabwera kudzatiphunzitsa kakomedwe kake.

Anafika akukoka kagalu pachingwe, kowonda, nthiti pamtunda, makutu atadyeka ndi ntchentche. M'khwapa anali atapanira nsalu yofiira kuti psuu.

"Telala," anatero, osapereka ndi moni womwe. "Uyu ndi Bulusi. Ndikufuna umusokere malaya a sefite."

"A ninji, mbuya?" anafunsa Hilario, amene akadabwa Chisena chinkatuluka chokha.

"Sefite, chitetezo! Inu anthu akumudzi simudziwa kanthu. Kuesiteti galu wa bwana Manejala akamapita kokasaka nguluwe mu nzimbe amavala malaya owala kuti azionekera patali, asawomberedwe. Pachifuwa pamakhala pochindikala, nguluwe isamung'ambe ndi mano. Kumapazi tinsapato, mchenga usamuwotche. Zonsezo ndikuzifuna. Uikenso kolala ndi thumba."

Ine ndinali pambali ndikupeta mpunga, ndipo ndinalephera kuugwira mtima.

"A Maclean, thumbalo galuyo aziikamo chiyani? Fodya? Nanga inu mfuti muli nayo? Nguluwe munaionapo yamoyo?"

Anandiyang'ana ngati ndine nkhuku yolowa m'tchalitchi. "Mayi, nkhani za amuna zisiyeni."

Ndinazisiyadi, koma maso anga sanaisiye nsalu ija. Kufiira kwake kunali kwenikweni kwa malaya a anyamata achipani, aja ankaima pakhomo la msika ndi zikwapu, amene tinkawapatukira ngati ng'ona. Maclean atachoka ndinamuuza mwamuna wanga.

"Bambo a Luisa, nsalu iyi mwaiona bwino? Mukaikapo kolala ndi thumba, mwasoka yunifolomu. Mubwezereni galu wakeyo."

"Amake Luisa, ndi nsalu basi," anayankha akuisalaza pabondo. "Munthu wabwera yekha pakhomo, ndimkanize tani? Ndi kalaliki. Akakwiya, thonje la abale ako aliyesa lotsika."

Umu ndi mmene analili. Ankaopa kukwiyitsa munthu mmodzi mpaka kukwiyitsa dziko lonse.

Galuyo Maclean anamusiya pansanamira ya khonde lathu, ati kuti telala aziyeza bwino. Kuyeza kwanji kotha sabata? Chilungamo chake n'chakuti munthu wofuna kuveka galu kolala uja analibe chizolowezi chomudyetsa. Kwawo Bulusi ankadya mateche ndi Chingerezi. Kwathu Hilario anayamba kumuponyera mkute, kenako mitu ya milamba, kenako ndinamupeza akumupaka mafuta a makina m'makutu kuti ntchentche zimuleke. Dzina la Bulusi silinkamukhala pakamwa, ankangoti "mwanambwa", galu m'Chisena. Akatero, kagalu kaja kankagwedeza thupi lonse, osati mchira wokha. Masana kankagona pansi pa makina, mutu uli paphazi lake lopondera.

Ntchito yokha anaigwira, ndisaname. Pachifuwa anaika chinsalu cha tenti chopinda kawiri, mkati n'kuyalamo thonje. Malamba a pamimba anawasoka mobwereza kuti minga isawadule. Tinsapato anadula ku chubu chakale cha njinga, n'kuboola timabowo ta zingwe. Kolala inaima bwino kuposa ya mwini wake. Ndinaziyang'ana, mtima wanga n'kuti myuu, chifukwa zinali zokongola ndipo zinali zopusa.

Maclean anadzatenga galu wake m'mawa wa tsiku la msonkhano wachipani. Ndinamuchonderera, ine amene sindichonderera munthu.

"Achimwene, lero lokha musiyeni kunyumba. Pabwalo padzaza anyamata a malaya ofiira."

"Ndiye bwino," anatero, akukonza kolala ya galu. "Anthu aone chitukuko."

Pabwalo la sukulu panali aliyense, chifukwa msonkhano wa masiku amenewo sunkajombedwa. Ife amayi tinali titavina mpaka fumbi kutilowa m'mano. A Shadreck, tcheyamani wa nthambi yathu, anali atakhala pampando pansi pa mtondo, mimba patsogolo, akudzipepeza ndi chipewa. Anali munthu woti akayetsemula anthu amawomba m'manja. Kenako anyamata a malaya ofiira anayamba kuguba pamzere, zifuwa kutsogolo, mapazi akumenya pansi.

Bulusi anali atamangidwa kumwendo wa benchi imene Maclean anakhalapo. Tinsapato titatu anali atatitafuna kale. Atatha nato anayamba chingwe. Palibe anaona pamene chinaduka. Tinangoona mzere wa anyamata ukudutsa kutsogolo kwa a Tcheyamani, ndipo kumapeto kwake kukubwera membala wina wamfupi, wa miyendo inayi, malaya ofiira, kolala chilili, thumba pambali, kansapato kamodzi kakulira phwa, phwa, phwa motsatira ng'oma.

Mayi wina wogulitsa matemba ndiye anayamba. "Ii, uyu ndiye waguba bwino kuposa anzake!"

Bwalo lonse linaphulika. Anthu amene anakhala zaka akumeza mawu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Aphunzitsi anabisa nkhope m'zipewa. Ana anagubuduka m'fumbi. Inenso ndinaseka pang'ono, koma nditacheuka ndinaona Hilario ali chiimire, nkhope itachita phulusa.

Ng'oma inaleka. Kuseka kunazima ngati moto wothiridwa madzi, ndipo aliyense anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwake. Anyamata anamugwira galu uja pakolala n'kumukokera pansi pa mtondo. A Shadreck anaimirira pang'onopang'ono.

"Ndani wanena kuti anyamata a chipani ndi agalu?"

Anayendetsa maso pagulu lonse.

"Ndikufunsa! Galu uyu ndi wa yani?"

Maso onse anapita kwa Maclean. Ndipo munthu wachitukuko uja, amene m'mawa womwewo ankayenda ngati tambala, anaimirira jekete itanyowa ndi thukuta.

"A Tcheyamani, ine galu ameneyu si wanga. Ine ndinangomupeza panjira. Sabata yonse wakhala pakhonde la telala, aliyense wamuona. Wosoka ndi yemweyo. Anthu akutsidyawa mitima yawo sitiidziwa."

"Bodza!" ndinakuwa, ndikudzikankha pakati pa anthu. "A Tcheyamani, nsalu anabweretsa ndi iyeyu. Kolala analamula ndi iyeyu. Dzina la Bulusi ndani kuno angalitchule osaluma lilime? Funsani anthuwa, onse akudziwa!"

Ndinatembenukira kwa anthuwo. Anali anthu amene Hilario anawasokera zigamba ulere, amene ana awo anapita ku ubatizo atavala zosoka iye. Mmodzi anatsokomola. Wina anayamba kufunafuna kanthu m'thumba. Mayi wa matemba uja, mwini pakamwa, anali atasowa kale ngati mame. Onse anali ataseka, ndipo aliyense ankafuna kuti mlandu ugwere msanga pamutu wina, usanafike pa kuseka kwake.

Apa m'pamene Maclean anaonetsa nzeru zokhazo zimene anali nazo.

"A Tcheyamani, tisalimbane. Galu sanama. Mumasuleni, apita yekha kwa mbuye wake."

Ankadziwa chimene ankanena. Ankadziwa kuti galuyo ankalidziwa bwino phazi la iye Maclean kuposa dzanja lake. A Shadreck anagwedeza mutu ngati amva mawu a Solomo, n'kulamula kuti awiriwo aime motalikirana. Ine ndinathamangira kumbuyo kwa mwamuna wanga.

"Akabwera mumumenye theche," ndinanong'ona. "Mwamva? Mumuponde, alire, athawe. Ganizani za Luisa."



Anyamata anamumasula galu uja. Bulusi anadzikutumula, nayang'ana kwa Maclean. Maclean anangosuntha phazi pang'ono, galu n'kupinda mchira. Kenako ananunkhiza mphepo, makutu n'kuima, ndipo anathamanga molunjika, kansapato kakulira, mpaka kudzagwa pamapazi a Hilario, akugwedeza thupi lonse.

"Theche!" ndinatero, mano nditaluma.

Ndinaona phazi la Hilario likunyamuka. Linakwera pang'ono, n'kuima m'malere, n'kubwerera pansi. Ndiye anawerama, naika dzanja pamutu pa galuyo, pamakutu paja ankapaka mafuta.

"Mwanambwa," anatero motsitsa. "Iwe nkhabe kudziwa pinthu."

Inde, galuyo sankadziwa kanthu. Koma ine ndinakwiya, ndipo mpaka lero mkwiyo umenewo sunathe. Munthu anathawa moto, nawoloka mtsinje wa ng'ona ndi chitsulo paphewa, n'kulephera kumenya galu theche limodzi kuti akhale ndi mkazi ndi mwana wake. Ndinamukonda chifukwa cha mtima womwewo, ndipo tsiku limenelo ndinafuna kumuluma nawo.

Mlandu unathera pomwepo. A Shadreck analankhula za alendo osayamika amene amadya mchere wa dziko lino n'kumalitukwana, anthu n'kuwomba m'manja mwamphamvu, owomba kwambiri ali omwe aja anaseka kwambiri. Analamula kuti telala aperekezedwe ku Ruo dzuwa lisanapendeke. Sanamulole ngakhale kukatenga makina ake. Mnyamata wina anayesa kumuvula galu malaya aja, koma malamba a Hilario sankaduka wamba. Anakoka, galu n'kumuluma padzanja, n'kuthawira m'tchire.

Ine ndinawatsatira, koma anandibweza ndi zikwapu pamphepete pa mudzi. Ndinakwera pachulu chachikulu chimene chili kumapeto kwa minda ya thonje, Luisa ali kumsana, kuti ndione ngakhale msana wa mwamuna wanga. Dambo la kumeneko udzu wake umabisa munthu. Hilario anali atavala kaki, ndipo posachedwa ndinamutaya. Ndinkangoona malaya a anyamata akuyenda pamzere kulowera kumtsinje, ndipo kumbuyo kwawo, patali pang'ono, kadontho kofiira kakutsatira.

Ndinaima pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Bwato linawoloka, n'kubwerera. Malaya ofiira aja anatembenuka kubwera kumudzi, ntchito atagwira. Koma kadontho kaja sikanabwerere. Ndinakaona m'madzi, kakulimbana ndi mkokomo, kenako kakukwera gombe la kutsidya.

Maclean anakhalabe kalaliki mpaka kukalamba, ndipo anthu a kwa Mlolo anapitiriza kumupatsa moni ndi manja awiri. Pa zonse zimene pakamwa pake panatulutsa, chimodzi chokha chinali choona: malaya amenewo ankaonekeradi patali. Kutsidya kuja mwamuna wanga sindinkamuona, koma ndinkadziwa paliponse pamene waponda, chifukwa kadontho kofiira kankayenda pambali pake, kakuima iye akaima, kakupita iye akapita. Ndipo ndinazindikira kuti ngati ine ndikukaona ndili pachulu cha kuno, aliyense wa mfuti wobisala m'mapiri a uko akukaonanso.

"Bambo a Luisa!" ndinakuwa mpaka mawu kusasa. "Muvuleni! Muvuleni malayawo!"

Mphepo inali kuchokera kumtsinje. Kadontho kaja kanapitirira kulowa m'dziko la nkhondo, kakuwala bwinobwino, monga mmene anakasokera.