Njinga ya Buleki Imodzi

"Zatha zonse m'nyumbamo?" anafunsa a Gwanda, akupukuta magalasi ndi nsonga ya malaya.

Katundu wa malemu Gilford anali atayalidwa pamphasa ngati kaunjika wa pamsika: jekete yopitira kutchalitchi, nsapato zotha chidendene, wailesi, bokosi la masipanala, matilesi, ndi malata angapo amene ankadikira kufolera chipinda chimene kumanga kwake kunaima pawindo. Linali tsiku losesa, maliro ataikidwa kale, ndipo a Gwanda, malume ake a malemu, anali atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzagawa zotsala. Anthu a ku Chinsapo sachedwa kununkhiza zoterezi. Ena anali atatsamira kale mpanda ndi zidebe zawo, kunamizira kuti akupita kukatunga madzi.

"Kwatsala njinga ija, Malume," anatero Kenny, mng'ono wake wa malemu. "Ili m'kashedi kuseriku."

Dailesi, namfedwayo, sanadzutse mutu. Anakhala chotambalala pafupi ndi mwana wake Thandie, dzanja lake lamanja, lija linafota ndi sitiroko, lili pamiyendo ngati la munthu wina.

Njinga imene Kenny ankanena siinali ya kabaza ayi. Ya kabaza inaphwanyika limodzi ndi mwini wake pamsewu wa ku Likuni, pomwe lole ya mchenga inawapeza m'mawa dzuwa likuwala bwinobwino. Iyi inali ina, yomwe Dailesi ankaitcha mkazi mnzake.

Nkhani yake inayambira kutali. Ali mnyamata, Gilford anagwirapo ganyu nyengo imodzi ku Nyika, kukonza njinga za alendo opalasa m'mapiri a m'nkhalango ija. Nyengo imodzi yokha, koma anaikamba moyo wake wonse mpaka anzake a pasiteji anamupatsa dzina loti Chelinda, la kampu ya alendo ya kumeneko. Akayamba, ngakhale tiyi ankazizira m'kapu.

"Kumeneko, mayi a Thandie, umapalasa tsiku lonse osamva hutala," ankatero. "Kulibe minibasi, kulibe lole, kulibe wokutukwana. Mbidzi zimangoima n'kumakuyang'ana. Zitunda zake ndiye zimakuliza ngati mwana, koma ukafika pamwamba, chifunga chili pansi pako. Tidzapita."

"Mupite ndi akazi anu a m'shediwo," ankayankha Dailesi.

Pajatu naye anali katswiri wa njinga pa utsikana wake. Ankatsika zitunda za ku Bembeke thumba la kachewere lili pakaliyala, anyamata n'kumapatuka. Gilford anamuona koyamba ali choncho. Koma chibwerere matenda aja, mawu oti njinga ankamulasa mumtima, ndipo pomwe mwamuna wake anayamba kutolera zitsulo ndi kumadzitsekera m'kashedi Lamulungu lililonse masana, Dailesi anapsa mtima. Njinga zamoto zinali zitalanda makasitomala a kabaza, ndiwo zinkasowa m'nyumba, koma tayala la mano akuluakulu silinkasowa, magiya sankasowa. Iye anaona kuti bamboyo akukonzekera ulendo wake yekha, kusiya wopuwala pakhonde. Analumbira kuti m'shedimo sadzapondamo, ndipo sanapondemo. Ngakhale pamaliro misozi inakana kutuluka, moti azilamu ake anayamba kunong'onezana.

Kenny anaitulutsa njingayo ili yokutidwa ndi masaka, n'kuitsamiritsa kukhoma.

"Mayi a Thandie," anatero a Gwanda. Sanali munthu wouma mtima, anali wotopa chabe, ndipo maganizo awo anali pa basi ya masana. "Monga timachitira kwathu, inu muyambe. Lozani chimodzi chomwe mukufuna chikhale pakhomo pano. Zinazo tigawana abale."

Thandie, amene anali atasiya ntchito yake ya mu saluni ku Kaliyeka sabata yonse ya maliroyo, anawakodola amayi ake.

"Amayi, tengani njinga," ananong'ona. "Ndi chokhacho chomwe adadi anapanga ndi manja awo."

"Tidzafunda njinga mvula ikabwera?"

"Amayi, pulizi. Ingoiyang'anani kaye."

"Ndaiyang'ana mokwanira m'mbale zopanda ndiwo." Dailesi anakweza mawu kuti onse amve, ndi a kumpanda omwe. "Malume, ine nditenga malata."

A Gwanda anagwedeza mutu. Azimayi angapo anavomera kuti wasankha mwanzeru. Jekete inapita kwa msuweni, wailesi kwa mlongo wa malemu, masipanala ndi njinga kwa Kenny, amene chitsekere fakitale yomwe ankagwirako ankangoyenda ndi envelopu ya khaki m'tauni. A Gwanda anawomba m'manja kutseka nkhani, ndipo onse anawomba nawo.

Kenny sanathe kudikira. Anang'amba zingwe, masaka n'kugwa pansi. Inali njinga yokongola ndithu, yobiriwira, yopentedwa ndi bulashi koma mosamala, matayala ake onenepa. Felemu yake inali yotsika pakati. Anaikwera kuti aizungulitse pabwalo, koma mawondo ake anagunda chiwongolero, njinga n'kupepeluka, anthu n'kuseka koyamba chichitikire maliro.

"Akulu anga analinso ndi nthabwala," anatero Kenny akutsika. "Chishalo chili pansi ngati cha mwana wasukulu. Iwo aja kutalika konse kuja akanakwera bwanji? Ndiye taonani, Malume, buleki ndi imodzi. Mawaya onse awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, awamangirira kumanzere. Magiya nawonso kumanzere. Kumanja kuno angoikako chikhwawa cha labala, chokumbika ngati kabwato, ndi lamba. Cha chiyani chimenechi?"

Thandie anayang'ana chikhwawacho, chodulidwa kutayala lakale n'kuyalidwa siponji m'kati, kenaka anayang'ana dzanja lomwe linali pamiyendo pa amayi ake.

"Amayi," anatero Thandie.

Dailesi anali ataona kale. Anakumbuka masana ena akusankha nyemba pakhonde, Gilford atabwera ndi kachingwe, n'kugwira dzanja lake lamanzere, kuyeza kuchokera pachikhatho mpaka kunsonga za zala. Kenaka anatenga lofotalo, n'kuliyezanso pamkono, modekha ngati akugwira mwanapiye. Dailesi anamukalipira kuti asiye zachibwana, ngati akufuna kumugulira bokosi ayeze thupi lonse. Gilford anangoseka, n'kumanga timfundo pakachingweko.

Dailesi anadzuka movutikira, kukokera mwendo wake wolemerawo, mpaka anafika pamphasa n'kugwada.

"Malume, ndalakwitsa. Tengani malata. Ndipatseni njinga."

A Gwanda anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Mayi, tawomba kale m'manja."

"Sindimadziwa, Malume."

"Ndamva. Koma ndikabweza chimodzi, uyu adzati jekete yamuchepa, uyo adzati wailesi siyikulira, tigona pano. Komanso kwathu chotuluka pa tsiku losesa sichilowanso m'nyumba. Mukudziwa zimenezi, si inu mwana."

Dailesi anatembenukira kwa Kenny. "Alamu."

Kenny anayang'ana pansi, chala chikukanda penti ya pachiwongolero. Mkazi wake anali ataima kumbuyo kwake, mwana kumsana, milomo ataimanga.

"Alamu, musandione ngati munthu woipa," anatero. "Malata ine ndifolera chiyani, nyumba ndi yalendi? Iyi ndikaika kaliyala ndi chishalo chachitali, mawa ndili pasiteji. Ana anga adya. Nanga inuyo, ngakhale nditakusiyirani, ku Nyikako mupita ndi ndani?"

Nyika ili kutali, kupitirira Rumphi, ndipo munthu yekhayo amene ankakhulupirira kuti Dailesi angakwerenso chitunda anali atagona kumanda.

Anthu anayamba kunyamula zawo. A Gwanda anapemphera mwachidule, natsanzika, n'kuthamangira basi. A kumpanda aja anakumbukira zidebe zawo. Thandie anakokera malata kukhonde limodzilimodzi, akulira mosabisa, phokoso lake likumveka mpaka kumsewu.

Kenny anatsala pang'ono. Anatsegula bokosi la masipanala, n'kugwada pambali pa njinga. Anamasula mawaya, anamasula kabawuti, n'kusolola chogwirira cha buleki chija. Lamba ndi chikhwawa anazisiya, poti labala amagwira ntchito zambiri.

"Ichi sindichifuna, ndikagula ziwiri zofanana," anatero osamuyang'ana m'maso. "Musalowe nacho m'nyumba, Malume angamve."

Anachiika pamphasa, n'kutuluka akukankha njinga yopanda buleki, mkazi wake akutsatira ndi bokosi pamutu. Matayala onenepa aja anasiya mizere pafumbi, ndipo njinga yamoto itadutsa, mizereyo inafufutika.

Dailesi anatola kachitsuloko, n'kukakhala pakhonde, kunja kwa chitseko. Sikanali kowongoka ngati ta m'sitolo. Gilford anali atakapinda pamoto, kukabweretsa pafupi, n'kukapala mpaka kusalala, ndipo pomwe pamagwira zala anakulungapo labala wa chubu kuti chisanu cha ku Nyika chisamulume. Dailesi anakaika m'dzanja lamanzere. Zala zake zazifupizo zinafika bwinobwino, chilichonse pamalo pake, osatambasula n'komwe.

Anafinya. Kachitsuloko kanabwera mofewa, popanda waya, popanda choti kaimitse. Anafinyanso, misozi ija inakana pamanda ikugwera pachitenje.