Botolo la Anthu Khumi

Bambo anga anayendetsa basi mpaka maso awo atayamba kuchita chidima. Masiku ano amaiwalaiwala, ndipo nthawi zina amandiitana dzina la malemu amayi. Katemera wa korona atafika kuchipatala, ndinatseka saluni yanga n'kupita nawo.

Namwino anatifotokozera lamulo lake. Botolo limodzi ndi la anthu khumi, ndipo likatsekulidwa silichedwa kuwonongeka, choncho satsekula anthu asanakwane. Ife tinali asanu ndi atatu.

Tinakhala pabenchi m'khonde lalitali. Dzuwa linkalowera pazenera, tifumbi tikuyandama m'kuwalako. M'chipinda cha namwino firiji inkalira chapansipansi, ndipo aliyense ankawodzera, masiki ili kukamwa. Nanenso ndinatsinzina, n'kumamva ngati benchiyo ikuyenda.

"Injini ikulira bwino lero," anatero bambo, manja ali m'malere ngati agwira chiwongolero. "Nanga sitikunyamuka bwanji?"

"Sitinadzaze, ababa," ndinayankha mwatulo. "Kwatsala awiri."

Nditatsegula maso ndinapeza bambo palibe. Ndinawapeza ataima pakhomo lalikulu, atawongoka ngati kale, akukuwa ndi mawu amene ndinali nditawaiwala.

"Awiri okha! Awiri okha tinyamuke!"

Mayi wina amene anadzazonda wodwala anaima, basiketi ili m'manja. "Ikupita kuti imeneyi, agogo?"

"Kwanu komwe, mayi. Kwerani, malo apazenera alipo."

Ndinamufotokozera mwamanyazi. Anaseka mpaka misozi, kenako anati wakhala akuzengereza kubayitsa katemerayo kwa nthawi yaitali, bola angothana nazo. Wachiwiri anali mmisiri amene ankapenta khoma la chipatalacho. Anatsika pamakwerero akupukuta manja. "Bola musandisiye panjira, adalaivala."

Namwino anatiwerenga kawiri, n'kutsekula botolo. Bambo anakana kuyamba. Anati woyendetsa amatsika pomaliza, ndipo namwinoyo anawalola. Jakisoni atalowa sanatsinzine n'komwe. Ankangoyang'ana kunja, kumene mthunzi wa mtengo unkagwedezeka pakhoma loyera.

Tinauzidwa kukhala kaye pang'ono tisanapite. Anthu khumi osadziwana tinakhala pabenchi paja, aliyense atagwira phewa lake. Bambo anatsamira pa ine, thupi lawo lopepuka ngati la mwana.

"Mwana wanga," ananong'ona, ndipo ulendo uno anatchula dzina langa lenileni. "Tsitsi lako likununkhira mafuta a kuntchito kwako."

Posakhalitsa anagona, ndipo sindinasunthe. Ndinaopa kuwadzutsa.